Kodi Malire a Vocha Angayeretse Juga ya Keno?

Pali mawu amene ayamba kumveka kawirikawiri pakati pa achinyamata athu, kaya pagombe pamene akusoka maukonde, kaya pakhonde la mzikiti Swala ya Ijuma ikatha. Munthu amati: "Ine sinditchova juga ngati anthu aja ogulitsa katundu wa m'nyumba. Ndimagula vocha ya ndalama zochepa, ndimasewera keno pa foni, ikatha ndasiya. Sindikongola kwa munthu, sindilowa katapila, ndipo palibe amene ndamulakwira." Mawu amenewa sitiyenera kuwanyoza msanga. Amachokera kwa munthu amene mtima wake ukufunabe kukhala wolungama, ndipo wadziikira mpanda poganiza kuti mpandawo umuteteza. N'chifukwa chake akufunika yankho loganiziridwa bwino. Funso lathu ndi ili: kodi kulipiriratu ndi kudziikira malire kumasintha chimene juga ili?

Tiyambe ndi masewerawo. Keno sinabadwire pa intaneti. Inachokera ku China, kumene anthu ankasankha zilembo pa kapepala kokhala ndi zilembo 80, ndipo Matchaina amene anapita kukagwira ntchito ku America m'zaka za m'ma 1800 anapita nayo. Dera la Nevada litaloleza juga mu 1931, malamulo ake ankaletsabe lotale. Choncho eni nyumba za juga mumzinda wa Reno anapatsa nambala iliyonse dzina la hatchi n'kumati ndi mpikisano wa mahatchi, chikhalirecho panalibe hatchi ndi imodzi yomwe. Mbiri imeneyi ikutionetsa kuti keno inazolowera kusintha malaya pofuna kulandiridwa. Zilembo zinasanduka manambala, kapepala kasanduka galasi la foni, koma masamu ake ndi omwe aja.

Masamuwo ndi osavuta. Pali manambala 80. Wosewera amasankhapo ena, kawirikawiri kuyambira imodzi mpaka 10, kenako makina amatulutsa manambala 20. Popeza 20 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a 80, munthu wosankha nambala imodzi amawina kamodzi pa maulendo anayi alionse, tikawerengera masewera ambirimbiri. Kukanakhala kuti mwini masewera sakudyapo kanthu, wowinayo akanalandira ndalama yake kuchulukitsa kanayi. Koma malipiro ozolowereka ndi kuchulukitsa katatu. Tinene kuti munthu akuika K500 ulendo uliwonse. Akasewera kanayi watulutsa K2,000, ndipo chobwerera ndi K1,500. K500 yotsalayo yapita kwa mwini masewera, ndipo yapita popanda chinyengo chobisika, pakuti ndi mmene malipirowo anakonzedwera. Pa K100 iliyonse yoikidwa, K25 ndi yake kale makina asanazungulire.

Chimene chimakopa ambiri ndi mphoto yaikulu ya kusankha manambala 10 n'kuwapeza onse. Mwayi wake ndi umodzi pa 8,911,711. Nambala yotere ndi yovuta kuiona m'maganizo, choncho tiiyerekeze ndi zimene tikuzidziwa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni. Tonsefe, kuyambira khanda la ku Chitipa mpaka gogo wa ku Nsanje, tikanasewera kamodzi aliyense, opeza manambala onse 10 akanakhala ngati awiri okha. Kapena tiyerekeze munthu mmodzi wosewera mphindi zisanu zilizonse, usana ndi usiku, osagona, osadya, osaswali. Angafunike zaka pafupifupi 85 kuti afike pa chiwerengero cha masewera chimenechi, ndipo ngakhale pamenepo palibe chomutsimikizira. Chimene chimachitika kwambiri kwa wosankha manambala 10 ndi kupeza awiri kapena atatu, omwe kawirikawiri salipira kanthu. Kupeza asanu kapena kuposerapo kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 15.

Apa m'pamene mtima wa munthu umadzinamiza. Ukaona manambala anayi mwa ako akuwala pa foni, umamva ngati watsala pang'ono, ngati mlovi amene waona nsomba ikuthawira pansi pa ukonde. Koma makinawo alibe chikumbumtima ndiponso sakumbukira kanthu. Nambala imene yakhala osatuluka kwa masewera makumi atatu ilibe mwayi woposa inzake pa masewera otsatira. Tsiku lobadwa la mwana, nambala ya galimoto imene unaiona m'mawa, kapena imene unailota, zonse n'chimodzimodzi pamaso pa makina. Pa usodzi, munthu wa zaka zambiri panyanja amaposa wachilendo chifukwa amadziwa mphepo, mwezi ndi kumene usipa umadutsa. Pa keno, wosewera zaka khumi ndi woyamba lero ndi ofanana, kupatulapo kuti woyambayo akadali ndi ndalama zake.

Ena adzati keno ya pa intaneti imalipira bwinoko kuposa ya m'nyumba za juga, ndipo n'zoona kuti ilipo ina imene mwini wake amadyapo zochepa, mwina K5 pa K100. Koma chimene achepetsa pa gawo lawo amachibweza pa liwiro. M'nyumba ya juga munthu amadikira kuti masewera ena ayambe, pamene pa foni pali mitundu ina imene chala chikangokhudza, manambala atuluka. Tiwerengenso. Pa K500, K5 pa K100 ndi K25 yotayika ulendo uliwonse. Masewera 400 akwanitsa K10,000. Ngati masewera amodzi akutenga masekondi 10, masewera 400 atha pa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Zoona, wina ndalama yake idzatha msanga, wina idzakhalitsa, wina adzadzuka ali ndi zochulukirapo tsiku limenelo. Koma njira ya onsewa ndi yotsetsereka, ndipo wobwerera mawa amapitiriza pamene anasiyira. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwambiwu ndi woona kwa wosunga, ndipo ndi woonanso kwa wotaya.

Tsopano tifike pa vocha, imene ndiyo chishango cha mnyamata wathu uja. Kulipiriratu kuli ndi mayina osiyanasiyana. Ku Ulaya kuli Paysafecard, imene inayambira ku Austria m'chaka cha 2000: munthu amapereka ndalama m'sitolo n'kulandira kapepala ka manambala 16. Abale athu amene ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town amadziwa mavocha monga 1Voucher ndi OTT Voucher ogulitsidwa m'timagolosale ta m'makomboni. Kwathu kuno, Airtel Money ndi TNM Mpamba zimagwira ntchito yofananayo: upereka ndalama kwa ejenti, zilowa mu foni, ndipo kuchokera pamenepo zipita kumene wazituma. Njira zimenezi pazokha n'zabwino. Ndi zomwezo zimene timatumizira thandizo kwa makolo ndi kulipirira fizi. Mpeni wokonzera chambo sulakwa chifukwa wina wadzicheka nawo.

Tivomerezenso kuti pa mawu a mnyamata uja pali choonadi china. Kutchova juga ndi ndalama ya ngongole kumawononga msanga kuposa kutchova ndi imene uli nayo, ndipo dziko la Britain linaletsa kugwiritsa ntchito makadi a ngongole pa juga kuyambira mu April 2020 pa chifukwa chomwechi. Wogula vocha wapewadi dzenje limodzi. Ife Asilamu sitifunika kukana choonadi kuti titeteze chiphunzitso chathu. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Baqarah ndime 219, imavomereza kuti mu mowa ndi mu juga muli kaphindu kena kwa anthu, kenako imaika pa sikelo n'kunena kuti tchimo lake ndi lolemera kuposa phindulo. Nafenso tiike pa sikelo.

Mtengo wa keno ya pa vocha si wa masewera okha. Pali bandulo ya intaneti. Pali ndalama yodulidwa potumiza ndi potapa. Ngati kampaniyo ili kunja ndipo imawerengera mu madola kapena mayuro, pali kusinthitsa ndalama polowa ndi potuluka, ndipo tonse tikukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 pa 100 mu November 2023. Mavocha ena amadula kandalama mwezi ndi mwezi pa zotsala zimene sizinagwiritsidwe ntchito. Choposa zonsezi, vocha kawirikawiri ndi khomo lolowera lokha. Polowa safunsa zambiri, koma potuluka amafuna chiphaso, akaunti ya kubanki kapena ya pa foni, komanso kuti ndalamayo ifike pamlingo wakutiwakuti. Imene sinafike pamlingowo imakhala momwemo, ikumuitana mwini wake kuti aiseweretse. Ndalama ya bonasi nayo imabwera ndi chingwe: amafuna kuti uisewere kambirimbiri usanaloledwe kutapa, ndipo taona kale chimene chimachitika ndalama ikadutsa m'makina kambirimbiri. Kampani ikakhala yopanda chiphaso cha bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lomwe limayang'anira masewerawa motsatira lamulo la mu 2022, munthu wa ku Makanjira kapena ku Chipoka alibe pokadandaula ikakana kumulipira.

Komabe vuto lalikulu la mpanda wa vocha ndi lakuti woumanga ndi yemwenso ali ndi kiyi wake. Malire a K5,000 amatha pamene K5,000 yatha, ndipo ejenti ali pamsika pomwepo. Munthu amene anaganiza mofatsa m'mawa sakhala yemweyo madzulo atataya ndalama. Tsopano akufuna kubweza zake, ndipo vocha yachiwiri amaiona ngati yopulumutsira yoyamba. Aliyense wa iwo amene tawaona akugulitsa injini ya boti, njinga kapena malata anayamba ndi ndalama yochepa imene ankati sangaimve kuwawa. Palibe amene anayamba ndi injini.

Pali chinanso chimene otsatsa malonda amachitchula ngati ubwino wa vocha: sisiya mapazi. Palibe kalata ya kubanki yoti mayi a kunyumba aione, palibe mnansi wokuona ukulowa m'nyumba ya juga. Kale, manyazi ankathandiza munthu. Wotchova juga ya makadi pansi pa mtengo ankadziwa kuti amalume ake angadutse. Lero munthu angathe kukhala pamkeka umodzi ndi banja lake, ana akuwerenga za ku madrasa, iye akusankha manambala. Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah apite kwa iye), m'hadith yopezeka mu Sahih Muslim, anatipatsa muyeso wakuti tchimo timalizindikira pamene chinthu chikutisautsa mumtima ndipo sitikufuna kuti anthu achidziwe. Ngati ubwino waukulu wa njira yolipirira uli wakuti akwathu asadziwe, mtima wathu wayankha kale funso limene pakamwa pakufunsa.

Tibwerere ku mawu aja akuti "palibe amene ndamulakwira." Kodi ndalama ya vochayo ndi ya yani? M'Chisilamu, chuma ndi amana, chinthu chosungitsidwa, ndipo tinaphunzitsidwa kuti tsiku la chiweruzo munthu adzafunsidwa za chuma chake kawiri: mmene anachipezera ndi mmene anachigwiritsira ntchito. Mwamuna wapabanja ali ndi udindo wa chakudya, chovala ndi pogona pa mkazi ndi ana ake, ndipo mwana wamkulu ali ndi udindo pa makolo ake osowa. M'makomo ambiri a m'mbali mwa nyanja muno mulibe ndalama imene tingaitche yotsala. K5,000 imene yalowa mu keno inali ya ufa, ya sopo, ya mankhwala a malungo, kapena inali gawo la zimene mayi wokalamba ku Namwera amayembekezera kuchokera ku Joni kumapeto kwa mwezi. Mayiyo sanafunsidwe. Akauzidwa kuti mwezi uno ntchito inavuta, amamupempherera mwana wake dua kuti Allah amutsegulire makomo.

Nanga akawina? Ndalama ya mphoto sichokera m'thumba la kampani, pakuti taona kuti kampani imatenga gawo lake choyamba. Imachokera kwa osewera ena, anthu ngati iye, amenenso anatenga ya ndiwo. Wina anganene kuti onsewo analola okha. Surah An-Nisa ndime 29 imaletsa kudyerana chuma m'njira zachabe, ndipo imaloleza malonda ochitika mogwirizana. Pa malonda, mayi wogula usipa pa thandala ndi msodzi wogulitsayo onse amachoka ali ndi chimene amafuna, ndipo onse angathe kuthokoza. Pa juga, aliyense amalola chifukwa akuyembekezera kutenga cha mnzake. Palibe amene amabwera kudzapereka. Kuti mmodzi asangalale pafunika kuti ambiri alire. Chilolezo chotere n'chosiyana ndi cha pamsika.

N'zothandiza kukumbukira mtundu wa juga imene Qur'an inaipeza pakati pa Aluya. Anthu ankapha ngamira, n'kuika mivi 10 m'thumba. Mivi 7 inali ndi magawo a nyama, itatu inalibe kanthu, ndipo otola yopanda kanthuyo ndiwo ankalipira mtengo wa ngamira. Nthawi zambiri owinawo ankagawira nyamayo osauka, ndipo ankanyadira zimenezi ngati kuolowa manja. Inali juga yokhala ndi malire odziwika, yochitikira poyera, yodyetsa amphawi. Komabe inaletsedwa. Dzina lake, maisir, akatswiri a Chiarabu amaligwirizanitsa ndi mawu otanthauza kuphweka, kupeza chinthu popanda kuchivutikira. Surah Al-Ma'idah ndime 90 ndi 91 zimaiika pamodzi ndi mowa, ndipo zimatchula zipatso zake: chidani pakati pa anthu, ndi kuiwala kukumbukira Allah ndi Swala. Palibe pamene zimasiyanitsa juga yaikulu ndi yaing'ono. Ngati ya ngamira yodyetsa osauka sinayeretsedwe ndi ubwino wake, n'kovuta kuona mmene kapepala ka manambala 16 kangayeretsere ya keno.

Pali funso lina lolemera limene asodzi amafunsa, ndipo tisalithawe. Mwini chilimira amagula mafuta a ndalama zambiri, alovi amapalasa usiku ndi nyali, mwera ungathe kuwabweza opanda ndi nsomba imodzi yomwe. Mlimi wa mpunga ku Nkhotakota amafesa osadziwa za mvula. Kodi amenewa sakutchova juga? Ayi, ndipo kusiyana kwake kuli pa zinthu zitatu. Choyamba, chiopsezo cha panyanja n'chachilengedwe. Msodzi sachifuna, amachipirira pofuna chakudya, ndipo akanatha kuchichotsa akanachichotsa. Chiopsezo cha keno n'chopangidwa dala, ndipo ukachichotsa palibe chotsala. Chachiwiri, boti likabwera lodzaza, dziko lawonjezekera chakudya: adya alovi, adya oyanika, adya a minibasi, adya a ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndipo palibe amene wataya kuti msodzi apeze. Keno sibala kanthu, imangosamutsa ndalama kuchoka m'manja ambiri kupita m'manja ochepa. Chachitatu, nyanja ilibe mwini amene anakonzeratu kuti pa maulendo anayi alionse iye adyepo umodzi.

Kuyedzamira kwa Allah, kumene timati tawakkul, nakonso sikungakhale chifukwa. Mtumiki anauza mwini ngamira kuti ayambe waimanga, kenako ayedzamire kwa Allah. Riziki timalifuna kudzera m'njira zimene Mwini riziki waloleza. Kunena kuti "ngati Allah wandilembera ndiwina" uku ukulowa pakhomo limene Iye watseka ndi kusokoneza chikhulupiriro ndi chilakolako.

Tikanena zonsezi, tisaiwale chimene chikukankhira ana athu kumeneko. Chambo chachepa m'nyanja, ntchito n'zosowa, mitengo ya zinthu ikukwera, ndipo mnyamata womaliza Fomu 4 amaona kuti ngakhale atasunga chaka chonse sangagule injini. Keno imamugulitsa chiyembekezo cha mphindi imodzi pa mtengo wa K500. Tikangomukalipira osamupatsa chiyembekezo china, adzangophunzira kubisa bwino. Komanso bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaika chizolowezi chosalamulirika cha juga m'gulu la matenda, m'ndandanda wake wa ICD-11 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Amene wafika pamenepo akufunika kugwiridwa dzanja. Kumutchula pa gulu kapena kumuseka pagombe sikungamuchiritse.

Choncho udindo ndi wa tonse. Amene wagwa m'zimenezi ayambe ndi kulapa kwa Allah, amene khomo lake la chikhululuko silitsekedwa, kenako auze munthu mmodzi wodalirika, pakuti chizolowezichi chimakula mumdima. Achotse masewerawo mu foni, apemphe kampaniyo kuti itseke akaunti yake, ndipo kwa kanthawi alole kuti mkazi wake, bambo ake kapena mkulu wake asunge ndalama za pa foni. Za mphoto imene analandira kale akafunse a Shehe. Ophunzira ambiri amalangiza kuti ndalama yotere iperekedwe ku zothandiza anthu, mwini wake osaidya. M'hadith yopezeka mu Bukhari ndi Muslim, ngakhale munthu amene wangoitana mnzake kuti atchove juga analamulidwa kupereka sadaka, ndipo mankhwala amenewa ndi anzeru: dzanja limene linatambasuka kuti litenge cha wina liphunzire kupereka chake. Makomiti a mizikiti nawo angathe kulimbikitsa chipereganyu ndi ngongole zopanda chiwongoladzanja, kuti K500 ya tsiku ndi tsiku ikhale ndi kopita. Pa chaka ndi K182,500, ndalama yoyambira geni ya usipa kapena kugulira mbuzi.

Kwa mnyamata wa pakhonde la mzikiti uja, yankho lathu ndi laulemu. Mwachita bwino kuopa ngongole, achimwene, ndipo mantha amenewo muwasunge. Koma vocha yangochepetsa kukula kwa chimene mungataye pa nthawi imodzi. Sinasinthe masamu, sinasinthe kumene mphoto imachokera, ndipo sinasinthe eni ake enieni a ndalama imene mwaika. Madzulo ano, musanapite kwa ejenti, tengani ndalamayo muionetse kwa amayi anu kapena kwa akazi anu, muwauze chimene mukufuna kukachita nayo, ndipo mumve chimene iwo akanagula. Tipemphe Allah atipatse riziki la halali, alidalitse ngakhale lichepe, ndipo atiteteze ife ndi ana athu ku chimene chingatiiwalitse Swala.